Batani Langa Lachinsinsi ndi Malebulo a Maluwa

Khalani pansi kaye anzanga, amene muli m'kombi, m'minibasi muja, gwirani foni bwinobwino, chifukwa nkhani iyi yandikhala pakhosi zaka zambiri ndipo lero ndiitulutsa basi. Dzulo wina pagulu pano amadandaula kuti foni yake sikumva chala, akuidina koma ili duu. Ine ndinangoseka ndekha. Inu simunaonepo makina okana kumva. Ine ndinawaona, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la marozi ndimakumbukira tsiku limenelo.

Kunali chakumapeto kwa ma 90, pa pulazi ina kufupi ndi katauni ka Concession, kumpoto kwa Harare. Ndinabadwira pomwepo, m'komboni. Agogo anachokera ku Dedza wapansi kalekale, ife tinangobadwira m'fodya. Koma nthawi imene ndikunenayi bwana anali atayamba maluwa, marozi otumiza kunja pa ndege. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, chitupa ndinalibe (amene munabadwira pa pulazi makolo ali a ku Malawi mukuidziwa nkhani ya chitupa, sindiyamba lero). Ndiye taganizani, munthu wopanda chitupa, wopanda setifiketi, wakhala pa mpando mu ofesi, fani ikumupepera, anzake akubayidwa ndi minga uko. Mpando umenewo unali moyo wanga wonse. Kunja kwa geti la pulazi ija palibe akanandipatsa ngakhale tsache.

Ndipotu ndinalowa ndi tsache lomwelo. Amalume anga a Jailosi, amene anali foromani wa mu shedi yopakira maluwa, ndi amene anandipemphera ntchito yosesa mu ofesi. M'menemo munali kompyuta yakale ya DOS, sikirini yakuda bii, zilembo zokha, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Mu shelefu munali buku lamafutamafuta lophunzitsa Basic, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, limene mwana wa bwana anasiya popita ku sukulu ku Harare. Medemu, mkazi wa bwana amene ankayendetsa ofesi, akapita kukadya masana, ine tsache pakona, buku pamwendo. Chaka chisanathe ndinalemba kapulogalamu kosindikiza malebulo a mabokosi. Bokosi lililonse la maluwa linkafuna lebulo lake: mtundu wa duwa, kutalika kwa phesi, nambala ya wogula. Popanda lebulo, ku bwalo la ndege salilandira. Medemu ankawataipa limodzilimodzi akutukwana. Ataona kapulogalamu kanga anandilanda tsache, n'kundipatsa mpando. Kuyambira tsiku limenelo m'komboni ndinali mabharani, kalaliki, munthu wovala malaya oyera ngakhale Lachiwiri.

Manje pali zinthu ziwiri muzigwire, apo ayi nkhani ikusokonezani.

Choyamba, kiyibodi ya kompyuta yakaleyo inali itamwa fumbi ndi tiyi kwa zaka. Batani sunkalidina, unkalikhoma, n'kuligwira mpaka chilembo chituluke. Ine ndinaphunzirira pamenepo, zala ziwiri, maso pa mabatani, sikirini osayiyang'ana n'komwe.

Chachiwiri n'chochititsa manyazi. Pa DOS, pulogalamu ikamathamanga ndipo ukufuna kuidula, umadina Ctrl ndi C, kapena Ctrl ndi Break, imaima pomwepo. Medemu ankadziwa zimenezo. Tsiku lina anadula pulogalamu yanga ine ndili panja, ndinabwera n'kuwapeza akuyang'ana zamkati mwake. Anangoti, "Kani ndi kakafupi chonchi?" Ndinaganiza kuti akazindikira kuti n'kosavuta, mawa aika mwana wa wina aliyense pa mpando wanga. Ndiye ndinafufuza m'buku muja mpaka ndinapeza njira yoitseka makutu pulogalamu, kuti munthu adine Ctrl ndi chilichonse, iyo isamve. Ndinangodzisiyira kakhomo kanga ndekha, batani la F7, limene palibe ankaligwira. Pulogalamu inkasindikiza pepala limodzi, n'kusuzumira ngati ndadina F7, ikaona kuti ayi, n'kupita pa lachiwiri. Ndipo zinkayenda bwino, chifukwa pa DOS kompyuta inkadikira pulinta. Zinkayenda ngati anthu awiri anyamula mtengo umodzi, wakutsogolo sangathamange kusiya mnzake. Ukaimitsa mmodzi, onse aima.

Palibe ndinamuuza za F7. Ngakhale amalume. Ngakhale m'pemphero sindinalitchule.

Ndiye mutu unakula, mukudziwa. Ndinamva kwa madalaivala kuti ku Centenary, dera lina la mapulazi, kuli mlimi wa fodya wagula kompyuta ndipo yangokhala yofunda nsalu, wodziwa kuigwiritsa palibe, ndipo sakufunsa za mapepala. Ndinalemba kalata yofunsira ntchito, ya Chingerezi chotolatola m'manyuzipepala, n'kuibisa pa disiki. Ndinangotsala kuisindikiza.

Lolemba lina mwana wa bwana anatulukira ndi kompyuta yatsopano. Windows, shamwari. Mitundu, tizithunzi, mausi yogwira m'manja ngati sopo. Kiyibodi yoyera, yofewa, ukangoiuzira mpweya yalemba. Anakopera pulogalamu yanga, n'kuitsegula m'kawindo kakuda pakati pa sikirini. Anati ikuyenda chimodzimodzi. Kenako anayamba kundionetsa zinazake za pulinta, kachithunzi kena pansi pakona, akulankhula mofulumira. Ine ndinkangogwedeza mutu, "Yes, yes, I know," chifukwa Medemu anali ataima pambuyo ndipo katswiri safunsa. Palibe ndinamva ngakhale chimodzi. Madzulo mnyamatayo anabwerera ku Harare, kompyuta yakale anainyamula yomwe.

Lachiwiri linali tsiku lotumiza. Lole inkanyamuka 2 koloko, ikachedwa ndege yapita, maluwa onse asanduka manyowa. Mabokosi anali makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zingapo. Malebulo, aja omata obwera atalumikizana ngati njanji, okhala ndi timabowo m'mbali, anali bokosi lomaliza, atsopano anali asanafike kuchokera ku tauni. Medemu anandiuza kawiri m'mawa kuti ndisawononge ngakhale limodzi. Ndinawalowetsa mu pulinta ndekha, ndi manja angawa, kudikira kuti mndandanda ubwere kuchokera ku shedi.

12 koloko Medemu anapita kukadya. Mu ofesi ndekha. Kompyuta yatsopano ikunyezimira. Satana anati, kalata ija bwanji osaitulutsa pa makina atsopano, ikaoneke yaulemu?

Ndinalowetsa disiki. Pulogalamu yanga, imene inkatha kusindikiza cholembedwa chilichonse, si malebulo okha, inafunsa kuti makope angati. Ndinafuna awiri, imodzi yotumiza, ina yosunga. Ndinakhoma 2 ndi chala changa chija cha pa kiyibodi yakale, kuligwira bwinobwino kuti limve, maso pansi, kenako Enter, pha.

Pulinta inayamba kulira, tsiii tsiii. Ndinatsamira pa mpando ngati bwana. Kenako ndinaona chimene chikutuluka. Si pepala ayi. Malebulo. Ndinali nditaiwala kuwachotsa. Ndinati palibe kanthu, makalata awiri adya malebulo asanu ndi atatu, ndinena kuti anapindika. Ndinakweza maso pa sikirini, mwina koyamba tsiku limenelo.

Panalembedwa 222.

Sindinachite mantha poyamba, ndisaname. Ndinamwetulira. Ndili ndi F7. Ndinadina F7 mwaulemu, ndi chala chimodzi.

Tsiii tsiii.

Ndinadinanso. Ndinakhoma. Ndinayang'anitsitsa sikirini, ndipo pansi pa 222 pulogalamu yanga inali italemba kale mawu amene ndinaiphunzitsa ndekha, akuti ntchito yatha. Yatha bwanji, pulinta ili pa kalata yachitatu? Zimene sindinkadziwa, zimene mwana wa bwana ankandiuza ine ndikuti "I know," ndi zakuti Windows sidikira pulinta. Imalandira katundu yense nthawi imodzi, n'kumusunga m'nkhokwe yakeyake, n'kumaipatsa pulinta pang'onopang'ono. Pulogalamu yanga inataya makalata onse 222 m'nkhokwemo chala changa chisanachoke pa Enter, n'kusamba m'manja. F7 yanga inali kugogoda pa nyumba imene mwini wake anasamuka.

Ctrl ndi C. Palibe. Ctrl ndi Break. Palibe (ndipo ndani anaitseka makutu? musandiyankhe). Ndinatseka kawindo kakuda konse, n'kuyamba kudina Ctrl ndi C pa sikirini ya mitunduyo, kakhumi, kamakumi awiri. Pambuyo pake ndinadzamva kuti pa Windows mabatani amenewo sadula kanthu, ntchito yake ndi kukopera. Mabatani omwewo, zala zomwezo, koma nyumba ina malamulo ena. Ndinali ngati munthu woimitsa basi ndi chizindikiro cha kwawo m'dziko la eni, dalaivala akungomubayibitsa.

Malebulo anali atafika pansi, akudzipinda okha. Ndinazimitsa pulinta. Zii. Ndinapuma. Pa DOS ukazimitsa pulinta n'kudula pulogalamu, nkhani yatha, zonse zaiwalika. Ndinawerenga mpaka khumi, n'kuyatsa, chifukwa malebulo enieni ndinkafunabe kusindikiza.

Tsiii tsiii. "Wokondedwa Bwana."

Apa thukuta linayamba. Ndinakumbukira mankhwala aakulu, Ctrl ndi Alt ndi Del, atatu pamodzi. Pa kompyuta yakale amenewo anali ngati kuimenya ndi mpini pamutu, imakomoka n'kudzuka yosakumbuka kanthu. Ndinadina. Iyi sinakomoke. Inatulutsa kabokosi kofunsa mafunso, mndandanda wa mayina amene sindinawamvepo. Ndikuimenya, iyo ikufuna tikambirane. Ndinadinanso atatu aja mwaukali, ndiye inazima. Pulinta inamaliza mzere umene inali nawo m'kamwa, n'kukhala chete.

Ndinagwada pansi pa tebulo kusonkhanitsa malebulo owonongeka, ndipo ndili pansipo ndinamva mawu pa windo. Ofesi yathu inali ndi kawindo koyang'ana ku shedi, ndipo mwambo unali wakuti malebulo akatuluka ndinkawaika pamenepo, wa ku shedi n'kudzatenga osafunsa. Ine m'chipwirikiti chija ndinali nditang'amba mzere woyamba n'kuuponya pa windo pomwepo kuti usandikole miyendo.

Anali a Domingo, dalaivala wa lole, mdala wa ku Tete amene sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono.

"Mabharani, lero wafulumira. Wachita bwino mwananga, ndege sidikira munthu."

"A Domingo, dikirani, amenewo si..."

Ndinadzuka mofulumira, mutu n'kugunda tebulo. Pamene ndinkafika pa windo n'kuti mdala ali pakati pa bwalo, mzere wa malebulo ukuuluka paphewa ngati mpango. Ndiwathamangire? Kompyuta inali ikudzuka kumbuyo kwanga, ndipo 1 koloko inali pafupi. Ndinati ndiyambe ndasindikiza enieni, ndikawasinthe mwakachetechete.

Windows inadzuka, n'kutulutsa kabokosi kena, mizere iwiri ya Chingerezi ndi mabatani awiri. Anzanga, mizere iwiri yokha. Ndikanawerenga, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ine chizolowezi changa chinali chakuti kompyuta ikafunsa chilichonse, yankho ndi Enter. Ndinakhoma Enter. Kabokosiko kankafunsa kuti pali ntchito zosindikiza zimene zinatsala, kodi ndipitirize? Ndipo ine ndinati inde.

Tsiii tsiii.

Ndinakhala pansi, pa simenti penipeni. Ndinayamba kudina mabatani onse, F1 mpaka F12, ndi chikhatho. Kompyuta inatsegula mawindo ena asanu, lina likundifunsa ngati ndikufuna thandizo. Malebulo m'bokosi ankatsika ndikuwaona.

Chitseko chinatseguka. Esinati, msuweni wanga, mwana wa amalume a Jailosi, amene ankasankha maluwa mu shedi. Kuyambira tili ana ankanditcha mwamuna wake, ndipo pakamwa pake panalibe zipi. Anali ndi lebulo limodzi pa chala, akuliwerenga mokweza ndi Chingerezi chake cha Giredi 7, n'kumatanthauzira yekha.

"'Ndine katswiri wa makompyuta a mitundu yonse.' Ehe. Amuna anga, mitundu yonse? Nanga uwu ndi mtundu wanji ukukugonetsani pansiwu?"

"Esinati, chonde, amata angati?"

"Azimayi amata mabokosi makumi awiri. Iwo aona zilembo, amata. Ine ndangoti ndione kuti duwa lotchedwa Wokondedwa Bwana ndi lotani, sindinalidulepo."

"Pita ukamatule."

"Amatuka amenewo? Umang'amba ndi bokosi lomwe. Ndiye ku Centenary mukupita liti? Mundisiya ndi ndani ine mkazi wanu?"

Asanamalize, amalume analowa, chipewa m'manja, nkhope ngati kukubwera mvula. Amalume sanapite ku sukulu ngakhale tsiku limodzi. Anayang'ana ine, anayang'ana pulinta, anayang'ana njanji ya malebulo ikulowa kumbuyo n'kutulukira kutsogolo.

"Chikuchitika n'chiyani, mphwanga?"

"Yakana kuima, malume. Ndadina zonse."

"Nanga ukuipatsiranji chakudya?"

Anatambasula dzanja, n'kung'amba mzere wa malebulo kumbuyo kwa pulinta, pamene unkalowera. Pulinta inameza kachidutswa kotsala, inalira piii, n'kuima.

Pafupifupi ola lonse ndikulimbana ndi mabatani. Munthu wosadziwa A anangodula kumbuyo, ngati mmene amachitira chigayo chikatsamwa. M'bokosi munatsala malebulo khumi ndi anayi. Ndinawawerenga katatu, sanachuluke.

Ndipo ngakhale akanakhala okwanira, sindikanatha kusindikiza, chifukwa m'nkhokwe ya Windows munali makalata ena pafupifupi mazana awiri ali pa mzere, ndipo chilichonse chatsopano chinkayenera kuima kumbuyo kwawo.

Medemu sanabwere ku ofesi. Anadzera ku shedi, monga ankachitira tsiku lotumiza. Ife atatu tinathamangira komweko, ndipo tinawapeza m'chipinda chozizira, magalasi pamphuno, akuyenda pang'onopang'ono kutsata mabokosi. Azimayi aja anali atamata mwadongosolo, lebulo loyamba bokosi loyamba, lachiwiri lachiwiri. Ndiye kalata yanga inkawerengeka bwinobwino kuchokera kumanzere kupita kumanja. Bokosi loyamba, moni ndi dzina langa lonse. Lachiwiri, ukatswiri wanga. Lachitatu, pamene ndinalemba kuti pa pulazi imene ndili pano ofesi yonse ndimayendetsa ndine, eni ake sadziwa ngakhale poyatsira. Lachinayi, kuti chiyambire ntchito sindinalakwitsepo. Kenako bokosi lachisanu, moni kachiwiri.

Medemu anawerenga mpaka bokosi lachisanu ndi chitatu. Ndikuganiza ankafuna kuona ngati nkhani isintha.

M'chipinda chozizira chija ine thukuta linkatsika m'miyendo. Azimayi makumi atatu a mu shedi anali ataimitsa manja. A Domingo okha ndi amene ankayang'ana wotchi.

Medemu anavula magalasi. Sanakweze mawu. Anandifunsa m'Chingerezi ngati makinawo ndingawaimitse. Ndinati ayi. Anafunsa ngati pulogalamu ingadulidwe kuti aone mkati. Ndinati ndinaitseka. Anafunsa kuti chifukwa chiyani. Ndinayang'ana amalume, amalume anayang'ana denga. Anapita kukaimba foni ku Harare, mwana wawo sanapezeke. Anabwerera ndi bokosi la mapeni akuluakulu akuda, mapepala wamba, sizasi ndi tepi.

"Aliyense wodziwa kulemba, abwere kuno."

Tinapezeka asanu ndi mmodzi. Esinati ankawerenga mndandanda mokweza, ife tikulemba pamanja, azimayi akudula ndi kumata pamwamba pa kalata yanga. Ine katswiri wa makompyuta a mitundu yonse, ndagwada pa simenti yonyowa, peni m'manja, lilime panja. Ndinkalemba mothamanga moti 7 ankaoneka ngati khasu. Mayi wina wachikulire amene ankamata pafupi nane anandisisita paphewa.

"Lembani bwino, a mabharani. Paja simunalakwitsepo."

Esinati anali atawatanthauzira onse. Shedi yonse inaphulika, ngakhale Medemu anatembenukira kukhoma.

Lole inanyamuka mphindi makumi awiri itadutsa 2 koloko. A Domingo anatuluka pa geti ngati akuthawa njuchi. Madzulo tinamva kuti anafika chitseko cha katundu chili pafupi kutsekedwa, ndipo anthu a ku bwalo la ndege anang'ung'udza ndi malebulo a pamanja koma analandira. Maluwa anapita. Nkhani ya maluwa inathera pamenepo. Yanga inali isanayambe.

Medemu anatiitanira mu ofesi, ine ndi amalume. Funso loyamba linali la makalata otsala m'nkhokwe aja, chifukwa Lachisanu kunali kutumiza kwina. Medemu sankafuna kuwononga mapepala mazana awiri. Amalume anapempha mapepala atatu olumikizana, anawalowetsa mu pulinta, n'kumata mutu ndi mchira ndi tepi kuti akhale ngati lamba wa chigayo.

"Izungulire pomwepo mpaka ikhute," anatero.

Ndiye mlandu wanga unazengedwa pulinta ikulira pambali, lamba wa pepala akuzungulira, kalata yanga ikulembedwa pamwamba pa kalata yanga mpaka pepala lonse linada bii.

Medemu anati kalatayo ndinalemba bwino, kupatula mawu awiri amene ndinaphonya masipelo. Anati mlimi wa ku Centenary uja amamudziwa, amakumana ku kalabu, ndipo Lachinayi kuli lole yopita kumeneko ngati ndikufuna, akhoza kumuimbira n'kumufotokozera zonse za lero kuti asavutike kundifunsa. Amalume anayamba kupota chipewa, akulankhula Chilapalapa, chinenero chija cholankhulira ndi mabwana pa pulazi, chosakaniza ndi Chishona, kuti mwanayu ndi wa mlongo wanga, bambo ake anamwalira pa pulazi pompano, mutu wake ndi wabwino koma unatupa, ndiuphwetsa ndine.

Kenako Medemu anati ndikhoza kutsala, koma pa mfundo imodzi. Ofesi yawo sidzakhalanso ndi chinthu chodziwa munthu mmodzi. Pulogalamu nditsegule makutu. Ndipo ndiphunzitse munthu wachiwiri zonse, batani lililonse, kuyambira mawa. Munthuyo anali atamusankha kale: mtsikana uja amene anayamba wawerenga lebulo asanamate.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kompyuta si ya aliyense. Amalume, osanditembenukira, akumwetulirabe kwa Medemu, ananena m'Chichewa chapansipansi:

"Ukangoti ayi, katundu wako ukamupeza panja."

Ndinati, "Yes, madam."

M'mawa mwake Esinati anabwera atavala diresi la ku tchalitchi, n'kukoka mpando wachiwiri. Ndinamuonetsa poyatsira. Kabokosi koyamba katatuluka, ine ndinati dina Enter. Iye anati dikirani kaye amuna anga, ndione chimene akunena. Ankawerenga chilichonse, pang'onopang'ono, chala pa sikirini, milomo ikuyenda. Zinkandinyansa. Tsiku lachitatu anadina kachithunzi ka pulinta kaja ka pakona, kamene mwana wa bwana ankandionetsa, ndipo nkhokwe yonse inatseguka, pali ndi pofufutira pomwe. Kudina kuwiri. Anandiyang'ana, n'kubwerera kuwerenga sikirini, ndipo kuyang'ana kwakeko kunandipweteka kuposa kuseka kwa shedi yonse.

Ntchito sinandithere, zikomo kwa amalume. Koma pofika Khirisimasi, Esinati ndi amene ankakhala pa mpando wa pansi pa fani, ine ndinali pa wachiwiri, wopanda chotsamira, ndipo malebulo akatuluka wopita nawo ku shedi ndinali ine.

Tsopano ndiulule chomaliza. Ndinamuphunzitsa zonse, koma F7 sindinamuuze. Ndinatsegula Ctrl ndi Break monga Medemu analamulira, koma kakhomo kanga ndinakasiya mkati, kobisika, kopanda ntchito iliyonse, kuti ndikhale ndi kanthu kamodzi kanga ndekha. Ndinakasunga zaka ziwiri, ndikudzimva kuti ndine mwini weniweni. Tsiku lina ndinalakwitsa dzina la duwa, ndipo ndisanatambasule dzanja, Esinati, akumwa tiyi, osayang'ana n'komwe, anadina F7 ndi kachala kakang'ono kuti adule pulogalamu.

"Unalidziwa liti?"

"Sabata yoyamba. Munalilemba pa mzere wachisanu ndi chinayi wa pulogalamu yanu. Ndinangoti ndikusiyireni, mumaoneka osangalala."

Ndiye ndikufunseni anzanga, ndipo muyankhe zoona, osati za m'tchalitchi. Mulibe chitupa, mulibe setifiketi, chuma chanu chonse ndi mabatani khumi amene mukuwadziwa nokha, ndipo akuti muwapereke kwa msuweni wanu wochenjera kukuposani, amalume ataima pambuyo. Inuyo mukanapereka onse, kapena mukanabisako limodzi ngati ine?